Ndikulemba 340,100 mzere ukupita pa 440,200: vuto lili pati?

Kapulani: Akuluakulu, ndithandizeni pa AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani pa kompyuta. Pali puleti ya chitsulo yooneka ngati L, makona ake ndi awa: 100,100 kenako 340,100 kenako 340,160 kenako 190,160 kenako 190,280 kenako 100,280. Ndikutsegula LINE n'kumalemba manambalawa ndendende momwe alili, koma L sakutuluka. Zikutuluka ndi mizere yokwera chakumanja mpaka kutuluka pa sikirini. Ndayeza kona yachiwiri ndi ID, lamulo loonetsa makoodineti a poyinti, ikuonetsa 440,200. Nambala imeneyi ikuchokera kuti?

Wamakina: Achimwene, phatikizani 100 ndi 340, kenako 100 ndi 100. Mwapeza 440,200 eti? Pulogalamuyo siinalakwitse masamu, yangomva manambala anu mwanjira ina. Inu mukutanthauza kuti "pita pa malo otchedwa 340,100", iyo ikumva kuti "kuchokera pomwe waimapo, yenda 340 kumanja ndi 100 m'mwamba". Yezaninso kona yachitatu, muipeza pa 780,360.

Njira zolembera poyinti zilipo ziwiri zikuluzikulu. Ya absolute imawerengera kuchokera pa 0,0 nthawi zonse, ndiye 340,100 ndi malo amodzimodzi kaya mwachokera kuti. Ya relative imawerengera kuchokera pa poyinti yomwe mwaika komaliza, ndipo chizindikiro chake ndi @ kutsogolo kwa manambala. Chomwe chakusokonezani ndi Dynamic Input, kabokosi kaja kamayenda ndi mausi. Kakayaka, poyinti yoyamba imatengedwa ngati absolute, koma yachiwiri ndi zonse zotsatira zimatengedwa ngati relative ngakhale simunalembe @. Pulogalamu imakuikirani yokha. Yang'anani pa command line, polembera malamulo m'munsi mwa sikirini, mukangodina Enter, muona @340,100 chikhalirecho inu simunalembe @.

Mankhwala ake: lembani #340,100 m'kabokosiko. Chizindikiro cha # chikutanthauza kuti werengera kuchokera pa 0,0. Apo ayi dinani F12 kabokosiko kazime, manambala opanda chizindikiro abwerera kukhala absolute.

Kapulani: Zatheka ndi F12, L watuluka. Koma buku lomwe ndikutsatira silikutchula # paliponse.

Wamakina: Dynamic Input inabwera ndi AutoCAD 2006. Mabuku ndi manotsi olembedwa isanabwere amangoti nambala yopanda @ ndi absolute, basi, ndipo pa nthawiyo zinali zoona. Ambiri akuphunzitsirabe manotsi omwewo.

Mayi_Drafting: Ndiwonjezerepo pang'ono pa zomwe anena a Wamakina. Chimene chimasankha tanthauzo la nambala ndi malo omwe mwailemba. Ngakhale Dynamic Input ili yoyaka, mukadina mkati mwa command line n'kulemba 340,100 mmenemo, imakhala absolute ndipo # safunika. Nambala yomweyo m'kabokosi ka pa mausi ndi relative. Ndiye munthu atha kuona ngati pulogalamu ikusinthasintha maganizo, chonsecho ndi iye amene akusintha polembera.

Ngati mumakonda kabokosiko koma mukufuna kazimva absolute, lembani DYNPICOORDS n'kuika 1. Pa 0 ndi relative, ndipo ndi momwe imabwerera. Palinso DYNPIFORMAT: pa 0 kabokosi kamafunsa mtunda ndi madigiri, pa 1 kamafunsa X ndi Y. Zonsezi mungazipezenso mu DSETTINGS, pa tsamba la Dynamic Input, pa Settings ya Pointer Input.

Koma a Kapulani, puleti ngati imeneyi n'chifukwa chiyani mukuijambula ndi absolute? Pa pulani ya chitsulo mumapatsidwa kutalika kwa mbali iliyonse, osati malo a makona. Yambani pa 100,100 kenako lembani @240,0 kenako @0,60 kenako @-150,0 kenako @0,120 kenako @-90,0 kenako @0,-180. Manambalawa ndi omwe ali pa pepala aja, palibe chophatikiza m'mutu. Ubwino wina, mutha kudziyesa musanakhudze n'komwe kiyibodi: ma X onse akaphatikizidwa ayenera kupereka 0, ma Y chimodzimodzi. 240 kuchotsa 150 kuchotsa 90 ndi 0. 60 kuphatikiza 120 kuchotsa 180 ndi 0. Zikapanda kutero, pali muyeso wolakwika pa pepala kapena mwaiwala chizindikiro chochotsera penapake.

Chenjerani ndi C (Close) wa mu LINE, wotsekera chojambula. Amalumikiza poyinti yomaliza ndi yoyamba zivute zitani, ndiye ngati munalemba @-149,0 m'malo mwa @-150,0, iye atseka ndi mzere wopendekeka pang'ono woti diso silingaone. Mbali yomaliza ilembeni ndi manambala ake, kenako yezani ndi DIST ngati mwafikadi poyambira.

Chizulo: Ine ndiye ndimati F12 azizimitsa basi, osavutika. Chinthu chokuikira @ usanachipemphe n'chosadalirika.

Mayi_Drafting: Ayi achimwene, pamenepo sindikuvomerezani. Kabokosiko kali ndi ntchito yake. Mukadina mzere n'kugwira grip, kachizindikiro kogwirira ka kumapeto kwake, kamakuonetsani kutalika kwa mzerewo, mumangodina Tab n'kulemba kutalika kwatsopano. Chofunika n'kuzolowera kulemba chizindikiro nthawi zonse. @ amagwira ntchito kabokosi kayake kasayake, ndiye mulembeni ngakhale pomwe sakufunika. Mukakhala pa kompyuta ya mnzanu yomwe simukudziwa kuti anaitchera bwanji, @240,0 ikhalabe @240,0.

Chizulo: Chabwino, koma onani msampha wa MOVE. Munthu akufuna kusuntha chojambula kuti kona yake ikakhale pa 0,0. Wasankha zonse, wadina kona ija ngati base point, walemba 0,0, Enter. Palibe chasuntha. Abwerezanso katatu, n'kuyamba kuganiza kuti layer ndi yokhoma. Chonsecho kabokosi kamva @0,0, kutanthauza kuti yenda mtunda wa 0. Pamafunika #0,0.

Wamakina: Zoona zimenezo. MOVE ali ndi msampha wina woposa umenewo. Pa funso lachiwiri pamakhala mawu akuti use first point as displacement. Mukalemba 100,50 pa funso loyamba n'kungodina Enter pa lachiwiri, chinthu chisuntha 100 kumanja ndi 50 m'mwamba, popanda @. Ndi njira yachidule yabwino ndithu. Koma mukadina kona ndi mausi kenako n'kudina Enter mwangozi, chinthucho chisuntha ndi makoodineti a kona ijayo. Kona ikakhala pa 2500,1800, chinthu chithawa 2500 kumanja ndi 1800 m'mwamba. Chikasowa choncho musachijambulenso, lembani U wobweza chomwe mwachita komaliza.

Kapulani: Nanga mizere yopendekeka? Pa puleti ina pali mbali ya 50 yopendekeka madigiri 30.

Wamakina: Imeneyo ndi polar: @50<30. Mtunda, chizindikiro cha <, madigiri. Ndi chimodzimodzi kulemba @43.301,25, koma bwanji kuvutika ndi sine ndi cosine pomwe pulogalamu ikhoza kuwerenga yokha, komanso popanda kudula manambala? Momwe imabwerera, madigiri 0 ali kumanja, 90 m'mwamba, 180 kumanzere, 270 m'munsi, ndipo amakwera mobwerera poyerekeza ndi kayendedwe ka wotchi. @50<-30 ndi chimodzimodzi @50<330.

Mukaiwala @ pa command line n'kulemba 50<30, mwatchula poyinti yomwe ili pa mtunda wa 50 kuchokera pa 0,0, ndiye mzere ubwerera kufupi ndi 0,0.

Mizere yoongoka siifuna n'komwe makoodineti. Yatsani ORTHO ndi F8, lozetsani mausi komwe mukupita, lembani 240, Enter. Ngozi yake ndi yoti ORTHO ikakhala yozima, mzere ukhaladi wa 240 koma upita komwe mausi waloza, mwina madigiri 0.4, ndipo uoneka woongoka mpaka tsiku lomwe mudzafune kuchita OFFSET kapena FILLET.

Bawuti12: Funso loti "poyinti yomaliza ndi iti" ndi lomwe limagwetsa anthu ambiri kuposa # uja. Pulogalamu imasunga poyinti imodzi yokha mu LASTPOINT, ndipo @ amawerengera kuchokera pamenepo, osati pomwe inu mukuganiza m'mutu.

Tengani chitsanzo cha mabowo 6 a mabawuti pa flange, chitsulo chozungulira cholumikizira mapaipi. Pakati pali pa 500,300, mabowo akhale pa mtunda wa 80 kuchokera pakatipo, motalikirana madigiri 60. Mwajambula chozungulira chachikulu pa 500,300. Mwatsegula CIRCLE, mwalemba @80<0, bowo loyamba lakhala pa 580,300, zili bwino. Mwatsegulanso CIRCLE, mwalemba @80<60. Mumayembekeza 540,369.282 koma bowo lakhala pa 620,369.282, kunja kwa mzere wa mabowo. Chifukwa chake LASTPOINT inasamukira pakati pa bowo loyamba lija.

Njira zothana nazo zilipo zingapo. Yosavuta ndi ARRAYPOLAR: bowo limodzi, pakati 500,300, chiwerengero 6. Mabowo akakhala osatalikirana mofanana, gwiritsani FROM: CIRCLE akafunsa pakati, lembani FROM, dinani pakati pa flange, kenako lembani @80<60. Pa funso la Offset musaiwale @, mukaiwala ndiye kuti FROM yapita pachabe. Ina ndi ID: lembani ID, dinani pakati pa flange, poyintiyo yalowa mu LASTPOINT, kenako tsegulani CIRCLE ndi @80<60. Ndipo @ payekha, wopanda manambala, amatanthauza poyinti yomalizayo ndendende.

Njira yomwe ndimaiona yaukhondo mabowo akachuluka ndi kusamutsa UCS, dongosolo losonyeza pomwe 0,0 ali ndi komwe X ndi Y akuloza. Lembani UCS, dinani pakati pa flange, Enter. Tsopano 0,0 ali pakatipo, ndipo bowo lililonse ndi 80<0, 80<60, 80<120, popanda kudandaula za LASTPOINT.

Mayi_Drafting: Bola mukumbukire kubweza UCS mukamaliza: UCS, kenako W, kutanthauza World, wa 0,0 weniweni wa chojambula. Apa ndi pomwe mawu akuti absolute amanamiza. Absolute ndi kuchokera pa 0,0 wa UCS yomwe ikugwira ntchito nthawi imeneyo, osati 0,0 weniweni wa chojambula. Wina akasiya UCS itasunthidwa kapena itatembenuzidwa, #340,100 wanu akagwera kwina, ndipo ID nayo ikupatsani manambala a UCS yomweyo, ndiye muona ngati zonse zili bwino. Yang'anani kachizindikiro ka X ndi Y: kakakhala ndi kabokosi pomwe mizere iwiriyo yakumana, muli mu World. Kabokosi kakasowa, UCS yasinthidwa.

Ngati mukufuna poyinti ya World popanda kubweza UCS, ikani nyenyezi kutsogolo: *340,100. Relative yotsata ma axis a World ndi @*240,0. Izi zimathandiza pa nyumba yomangidwa mopendekeka pa puloti: UCS mwaitembenuza kuti igwirizane ndi makoma, makoma mukujambula ndi @ wamba, koma bikoni ya oyeza malo mukuilowetsa ndi nyenyezi.

Saveya_wamkulu: Poti mwatchula mabikoni, ndilowepo. Pa ntchito yoyeza malo, zolakwika zazikulu ndi zitatu, ndipo zonse pulogalamu imazilandira osadandaula.

Choyamba ndi kusinthanitsa manambala. AutoCAD imafuna X kenako Y, kutanthauza Easting (mtunda wa kummawa) kenako Northing (mtunda wa kumpoto). Mafayilo ambiri ochokera m'makina oyezera amabwera mu dongosolo la PNEZD: nambala ya poyinti, Northing, Easting, kukwera, dzina. Mukakopera momwe zilili, mwaika Northing pa X. Puloti ituluka ndithu, mbali zake ndi kukula kwake zonse zolondola, koma yatembenuka ngati mukuionera pagalasi ndipo ili kutali ndi malo ake. Pa UTM, dongosolo la makoodineti a mapu, kumwera kwa equator n'kosavuta kuzindikira: Easting imakhala ndi manambala 6 kadontho kasanafike, Northing nthawi zambiri 7, chifukwa kumeneko equator imapatsidwa 10,000,000. Poyinti ya E 583214.62 ndi N 8456730.18 ilembedwe 583214.62,8456730.18.

Chachiwiri ndi madigiri. Oyeza malo amayambira kumpoto n'kumazungulira motsata wotchi. AutoCAD imayambira kummawa n'kumazungulira mobwerera. Mzere wa mamita 100 pa bearing ya madigiri 60 uyenera kupita 86.603 kummawa ndi 50 kumpoto. Mukalemba @100<60 osasintha kanthu, upita 50 kummawa ndi 86.603 kumpoto. Musadziyese ndi madigiri 45, chifukwa pa 45 njira ziwirizi zimagwirizana, muganiza kuti zili bwino. Kukonza kwake: tsegulani UNITS, chongani Clockwise, pa Direction sankhani North. Kapena musasinthe kanthu, muzingochotsa bearing pa 90: 90 kuchotsa 60 ndi 30, ndiye @100<30. Ngati bearing yalembedwa mwa N ndi E, ilembeni choncho: @100<N60dE.

Chachitatu ndi mphindi ndi masekondi. Madigiri 60, mphindi 15, masekondi 30 amalembedwa 60d15'30". Mukalemba 60.1530 mwalemba china, chifukwa 60d15'30" ndi 60.2583. Kusiyana kwake ndi madigiri 0.105, ndipo pa mamita 100 kumapeto kwa mzere kuphonya ndi masentimita 18. Pa malire a puloti, masentimita 18 ndi mlandu.

Chizulo: Akulu, mukasintha UNITS choncho, ROTATE nayo imayamba kuzungulira motsata wotchi. Mnzanu wotsegula fayiloyo mawa adzadabwa.

Saveya_wamkulu: N'zoona, ANGBASE (poyambira madigiri) ndi ANGDIR (mbali yozungulirira) zimasungidwa m'fayilo momwemo. Mwamwayi ROTATE imalemba pa command line momwe ziwirizi zilili isanafunse kanthu, kungoti anthu sawerenga. Chabwino n'kukhala ndi template yakeyake ya ntchito zoyeza malo.

Pa funso loti absolute kapena relative, kwa ife zonse zimalowa koma pa nthawi yosiyana. Mabikoni okhala ndi makoodineti amalowa absolute, iliyonse payokha, kuti ina ikalakwika isakoke zinzake. Traverse, mizere yoyezedwa motsatizana ndi mtunda ndi bearing, imalowa relative, ndipo mmenemo cholakwika cha mwendo wachiwiri chimanyamulidwa mpaka mwendo womaliza. N'chifukwa chake sitimatseka ndi C. Mpata womwe watsala pakati pa poyinti yomaliza ndi yoyamba ndi womwe tikufuna kuuona n'kuuyeza.

Bawuti12: Kunyamulana kwa zolakwika kumeneku kuliponso pa zitsulo. Mukufuna kugawa mamilimita 4000 m'zigawo 12 zofanana. Chigawo chilichonse ndi 333.333 osatha. Mukalemba @333,0 maulendo 12 mufika pa 3996, mwaperewera ndi 4. Ngakhale mulembe 333.3, mufika pa 3999.6. Jambulani mzere wa 4000 kaye, kenako DIVIDE ndi 12. Ndipo manambala omwe mukuona pa sikirini ndi odulidwa malinga ndi Precision ya mu UNITS, mkati pulogalamu imasunga ochuluka. Mukakopera ndi maso zomwe ID yaonetsa n'kuzilembanso, mwapanga poyinti ina yoyandikana nayo. Poyinti yomwe ilipo kale igwireni ndi object snap, yomwe imakokera mausi pa poyintiyo ndendende.

Kapulani: Ndili ndi mapoyinti 85 mu Excel. Ndilembe imodziimodzi?

Saveya_wamkulu: Ayi. Ngati X ali mu A ndipo Y ali mu B, mu C2 lembani =A2&","&B2 n'kukokera pansi. Koperani C yense, tsegulani PLINE, dinani mkati mwa command line, matani. Mzere uliwonse ulowa ngati poyinti ya absolute. Mukapanda kuona kanthu, chitani ZOOM kenako E.

Zinthu ziwiri zimaononga. Pasakhale mpata pambuyo pa mpatuliro, chifukwa kwa AutoCAD mpata ndi Enter: 340, 100 imaduka pakati n'kukanidwa. Komanso onani ngati Excel yanu ikulemba 12,5 m'malo mwa 12.5. Makompyuta ena amatcheredwa choncho. AutoCAD imadziwa kadontho kokha, ndiye 12,5,30,2 kwa iyo ndi manambala anayi.

Mukasankha kuziika mu fayilo ya .scr n'kuiyendetsa ndi SCRIPT, zimitsani object snap kaye. OSNAPCOORD imabwera ili pa 2, kutanthauza kuti manambala olemba pa kiyibodi amaposa snap kupatula mu script. Ndiye mu script poyinti ikagwera pafupi ndi mzere womwe ulipo kale, imakokeredwa pa kona ya mzerewo, ndipo kukokedwako kumasintha malinga ndi momwe mwachitira zoom. Lero ituluka bwino, mawa yokhota, fayilo yomweyo. Ikani OSMODE 0 pamwamba pa script, kapena OSNAPCOORD 1.

Mayi_Drafting: Kwa ojambula nyumba: musajambule nyumba m'mamilimita pa makoodineti a UTM. Northing ya mamita 8456730 m'mamilimita ndi nambala ya manambala 10 kadontho kasanafike, pomwe pulogalamu imasunga pafupifupi 15 kapena 16 onse pamodzi. Kutali choncho ndi 0,0, HATCH imayamba kuphwanyika ndipo TRIM ndi snap zimachita zachilendo. Nyumba ijambuleni pafupi ndi 0,0 m'fayilo yake, kenako ilowetseni pa pulani ya puloti ngati xref (fayilo yoonekera mkati mwa inzake), pa poyinti ya absolute, ndi scale ya 0.001 ndi madigiri oyenera.

Chizulo: Osaiwala Z, kukwera kwa poyinti. Mukagwira ndi snap poyinti ya oyeza malo yomwe ili ndi kukwera kwa 1050, mzere wanu wayambira m'mwamba momwemo. Mukalemba absolute ya manambala awiri okha, Z imatengedwa ku ELEVATION, yomwe kawirikawiri ndi 0. Kuyang'ana kuchokera pamwamba mzerewo ndi wa mamita 20, koma LIST ikuti ndi woposa 1000. DIST imaonetsa Delta Z, iyenera kukhala 0. OSNAPZ ikakhala pa 1, snap imasiya Z ya poyinti n'kutenga ya ELEVATION.

Kapulani: Kodi zizindikirozi n'zofanana m'mapulogalamu ena?

Wamakina: Ganizo ndi lomwelo, kalembedwe ndi kosiyana. BricsCAD ndi LibreCAD zimamva @ ndi < ngati AutoCAD. Rhino imalandira r kutsogolo pa relative, monga r240,0, ndi w pa makoodineti a World. MicroStation ili ndi xy= pa absolute, dl= pa relative, di= pa mtunda ndi madigiri. Mu SketchUp absolute imalembedwa [340,100,0] ndipo relative <240,0,0>. Ngati puleti yanuyo ikadulidwe pa makina a CNC, odula molamulidwa ndi kompyuta, kumenekonso mukakumana nazo: G90 ndi absolute, G91 ndi relative, ndipo ikangolembedwa kamodzi imagwirabe mpaka inzake italembedwa. Kuiwala kubweza G90 kumeneko kumathyola chodulira.

Kapulani: Ndamata mapoyinti 85 aja, 84 akhala bwino. Imodzi yokha yathawira kufupi ndi 0,0, mzere wapita kumeneko n'kubwerera.

Saveya_wamkulu: Pitani mu Excel pa mzere wa poyinti imeneyo. Mupeza kuti nambala imodzi yaperewera, kapena kadontho kali pamalo olakwika. Sanjani A kuyambira yaing'ono, kenako B, yolakwikayo ikwera pamwamba yokha. Musajambulenso zonse: dinani polyline, gwirani grip ya poyinti yothawayo, lembani # ndi makoodineti olondola, Enter.